Chithunzi cha Ambuye Yesu pa namondwe: tigule chotani, ndipo kwa yani?

Funso

Ndine mayi wa ku Area 25 kuno ku Lilongwe, ndipo ndimasunga thumba la mphakati wathu. Tasonkherana kandalama kuti tigule chithunzi chachikulu chokapachika mu holo ya tchalitchi. Ambiri mtima wathu uli pa chija cha Ambuye Yesu ali m'ngalawa ndi ophunzira awo pa namondwe, chimene timachiona pa makalendala. Mwana wanga wapeza pa intaneti anthu akunja amene akuti amachijambula pamanja ndi penti wa mafuta, "chofanana ndendende ndi choyambirira", koma mitengo yawo ndi yotalikirana kwambiri. Palinso mnyamata wina wa konkuno amene wati angatijambulire pa masabata awiri. Tidziwa bwanji chenicheni? Ndalamayi ndi ya anthu, sindifuna kudzagwa nayo manyazi.

Yankho

Mayi, mwachita bwino kufunsa ndalama isanatuluke m'thumba. Ndagwira burashi zaka zambiri, ndipo chithunzi mukunenachi chinanditulutsapo thukuta kangapo, choncho ndikuuzani zimene manja anga anakumana nazo.

Poyamba tigwirizane kuti tikunena chithunzi chimodzi, chifukwa nkhani ya pa Marko 4:35-41 inajambulidwa ndi anthu angapo. Ludolf Backhuysen anaijambula mu 1695, Eugène Delacroix anaibwereza kangapo m'zaka za m'ma 1850. Koma chimene chimayenda kwambiri pa makalendala ndi cha Rembrandt van Rijn wa ku Netherlands, chimene anachijambula mu 1633 ali ndi zaka pafupifupi 27, atangosamukira kumene ku Amsterdam kuchokera kwawo ku Leiden. Ndi choimirira, osati chogona: masentimita 160 mulitali, 128 mulifupi. Ngalawa yakwera funde lalikulu kumanzere, mlongoti wapendekeka, kumanja kuli mdima. Pa zithunzi zonse za penti zimene bamboyu anasiya pomwalira mu 1669, cha panyanja ndi chokhachi.

Tsono mawu aja akuti "chofanana ndendende ndi choyambirira" muwatenge ngati kuitanira malonda basi. Palibe wojambula lero, kaya ku China kaya ku Kawale, amene angaimike ntchito yake pambali pa choyambiriracho n'kufananiza, chifukwa chinabedwa. Mayi wina wachuma wa ku America, Isabella Stewart Gardner, anachigula mu 1898 n'kuchipachika m'nyumba yake yoonetsera zaluso ku Boston. Usiku wa pa 18 Marichi 1990 amuna awiri ovala ngati apolisi anagogoda, alonda n'kuwatsekulira. Anamanga alondawo, nakhala m'katimo mphindi 81, n'kutuluka ndi zinthu 13. Chithunzi chathuchi anachita kuchidula ndi mpeni kuchichotsa mu felemu. Mpaka lero sichinapezeke, ngakhale kuti pali mphotho ya madola 10 miliyoni kwa amene angathandize kuti zobedwazo zibwerere, ndipo felemu yake ikadali pakhoma pomwepo yopanda kanthu. Aliyense wochijambula lero amaonera zithunzi za kamera zimene zinatoledwa 1990 isanafike. Mnyamata wanu wa kunoyo ndi ojambula akunja a pa intaneti aja akutunga pa chitsime chimodzi. Chimene mukugula ndi diso ndi dzanja la munthu, komanso nthawi imene walolera kukhala pa ntchitoyo.

Kuti musapusitsidwe, muyenera kuchidziwa chithunzicho ngati mmene mumadziwira nkhope za ana anu. Chitsekuleni pa kompyuta kapena pa foni yaikulu, muchikulitse, muyambe kuwerenga anthu. Ayenera kukwana 14: Ambuye Yesu, ophunzira 12, ndi wina mmodzi wovala zobiriwira ngati thambo amene dzanja lina wagwira chingwe, lina wapanikiza chipewa pamutu, maso wayang'ana ife oonera. Akatswiri ambiri amati ameneyu ndi Rembrandt mwiniwake, anadziika m'ngalawamo. Kutsogolo, kumene funde likuswekera, amuna asanu akulimbana ndi thanga long'ambika. M'mwamba chingwe china chaduka ndipo chikukwapula mlengalenga. Kumbuyo kwenikweni wina wagwiritsa chiwongolero, ndipo pa chiwongolero pomwepo m'pamene Rembrandt analembapo dzina lake ndi chaka. Wina wagwada, wapinda manja. Wina wovala zofiira waweramira kunja kwa ngalawa, akusanza.

Munthu wosanzayo ndimamukonda kwambiri, ndipo ndikupemphani musalole wojambula aliyense amuchotse poganiza kuti sayenera m'nyumba ya Mulungu. Aliyense amene anakwerapo Ilala nthawi ya mwera amamudziwa ameneyu. Iye ndiye amatitsimikizira kuti m'ngalawamo munali anthu enieni, a mimba ndi mantha ngati ife.

Ndipo taonani Ambuye Yesu pamene ali. Sanaimirire, sanatambasule dzanja, sali pakati powala. Akhala pansi chakumbuyo, mbali ya mdima, angodzutsidwa kumene, wina wawagwira paphewa. Kuwala kozungulira mutu wawo n'kochepa kwambiri, kongokwanira kuti diso lowafunafuna liwapeze. Mawu aja akuti "Tonthola, khala bata" sananenedwebe. Rembrandt anasankha kamphindi kamene thandizo lili kale m'ngalawa koma mafunde akadali pamwamba, ndipo mphamvu yonse ya chithunzichi yagona pamenepo. Mayi amene mwana wake ali gone ku chipatala, bambo amene ntchito yamuthera, akaima patsogolo pake amadziona okha mwa anthu 14 aja. Chithunzi cha nyanja itachita kale bata sichingawagwire mtima chomwecho.

Apa ndiye pamene makope ambiri otchipa amagwera. Amaopa mdima. Wogulitsa amafuna chinthu chowala choti chikope maso pa foni, ndiye amatsuka thambo, madzi n'kuwapanga abuluu owala ngati dziwe losambiramo la ku hotela, Ambuye n'kuwapatsa mkanjo woyera mbee ndi chisoti cha kuwala chachikulu. Chaka china ndinaitanidwa ku nyumba ina kuno m'tauni kuti ndikakunge kope lotere limene eni ake anaitanitsa kunja. Titalitambasula patebulo ndinayamba kuwerenga anthu, ndinapeza 11. Atatu a mumdima aja wojambulayo sanawaone, kapena anawaona koma analibe nthawi, anangopakapo penti wakuda. Zala za amuna okoka zingwe zinali zolumikizana ngati phazi la bakha. Eni nyumba anali atalipira kale, ndipo zinandiwawa kuwauza.

Madzi a namondwe si abuluu. Mukafika ku Senga Bay mu Juni kapena Julaye mwera utakwiya, muime pamchenga muyang'anitsitse. Pansi pa funde pamakhala pobiriwira moderako, pafupifupi pakuda. Pamsana pake pamatuwa ngati phulusa. Pamwamba pokha, pamene pakusweka, m'pamene pamayera, ndipo kuyera kwake kumakhala ndi kachikasu dzuwa likaboola mtambo. Umu ndi mmene zilili m'chithunzi cha Rembrandt. Iye sanafikeko ku Galileya, ngalawa yakeyo ikufanana ndi za kwawo, koma madzi okwiya ankawadziwa. Nyanja ya Galileya ndi yaing'ono, makilomita 21 mulitali ndi 13 mulifupi, yochepa kuposa ya Malombe. Ili m'chigwa chakuya, mamita oposa 200 kutsika kuchokera pamene pamalekezera nyanja zamchere, ndipo mphepo yozizira ikatsetsereka m'mapiri ozungulira imavundula madzi mwadzidzidzi. Ife a dziko la nyanja sitifunika kutiuza zambiri. Sitima ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanja yathu mu Julaye 1946, anthu 145 n'kutsala m'madzi. N'chifukwa chake ndimakhulupirira kuti wojambula wa kuno amene anaonapo mwera ndi maso ake ali ndi chuma chimene wokopera m'fakitale alibe.

Kukula kwake musankhe mosunga muyeso wa choyambirira, womwe ndi magawo 5 mulitali pa magawo 4 mulifupi. Ndiye kuti 100 kwa 80, kapena 125 kwa 100, kapena 160 kwa 128 ngati thumba lilola. Wina akakupatsani chogona chammbali, dziwani kuti wadula nsonga ya mlongoti kapena wawonjezera nyanja yakeyake. Cha 50 kwa 40 chikhoza kukoma pabalaza, koma mitu ya anthu imachepa ngati chikhadabo cha chala chachikulu, nkhope sizituluka. Mu holo musatsike pa 100 kwa 80.

Tibwere ku funso lanu lenileni, kusiyanitsa chapamanja ndi chamakina. Pa msika pali mitundu itatu. Pali chosindikizidwa ndi makina pa kanvasi, nsalu yolimba yojambulapo, chopanda burashi n'kamodzi komwe. Pali chosindikizidwa kenako n'kupakidwa mankhwala oonekera mkati kapena timadontho ta penti pamwamba kuti chizimveka manthumanthu ukachikhudza. Ndiye pali chojambulidwa ndi manja kuyambira pa nsalu yoyera. Choyambacho sichoipa ngati wogulitsa wanena zoona ndipo mtengo wake ndi wa chosindikiza. Kunena zoona, chosindikiza chabwino chimaposa chapamanja chojambulidwa mwaulesi. Chachiwiri chija ndiye chimadya ndalama za anthu, chifukwa chimagulitsidwa ndi dzina la chachitatu.

Njira yozindikirira ndi yapafupi. Tengani foni, muyandikize kamera pa nkhope ya munthu mmodzi, mukulitse mpaka pamapeto. Makina amasiya timadontho ting'onoting'ono ta mitundu tofanana kukula, ngati mchenga wosefa. Burashi imasiya mizere ya ubweya wake, ndipo mizereyo imatsata chinthu chikujambulidwacho: pa chingwe imayenda ndi chingwe, pa funde imapinda ndi funde. Mukaona mizere yotukuka ikudutsa pankhope n'kupitirira mpaka pathambo osasintha, imeneyo ndi yopakidwa pamwamba pa chosindikiza. Yang'ananinso m'mphepete, kumene nsalu imapindikira kumbuyo. Chapamanja chimathera mosalongosoka, pali todontha, pali poyesera mtundu, nthawi zina mzere wa pensulo. Chamakina chimathera pa mzere woongoka ngati wodula ndi lezala. Kenako nunkhizani. Penti wa mafuta amakhala ndi kafungo kake miyezi ingapo, konga ka mtedza wokhalitsa. Ndipo ngati ming'alu ya ukalamba ya chithunzi cha 1633 ikuoneka pa kope la chaka chino, koma chala chikadutsapo pali see, kamera ndiyo inajambula ming'aluyo.

Za penti pali msampha wina wa kwathu konkuno, ndipo ndi umene ndikuuopera pa mnyamata wa masabata awiriyo. Ku hadiweya mukati "penti wa oyilo" amakupatsani wa m'chitini wopaka zitseko ndi mawindo. Ameneyo si amene tikunena. Amauma msanga, amanyezimira ngati mbale ya enamelo, ndipo pa nsalu amauma gwa n'kuyamba kusweka nsaluyo ikangogwedezeka. Penti wa mafuta wa ojambula amabwera m'machubu ngati mankhwala otsukira mano. Ndi ufa wa mtundu wosakaniza ndi mafuta a mbewu yotchedwa linseed. Kuno amasowa ndipo ndi wodula, ambiri timachita kuitanitsa ku South Africa. Pali wachitatu, akiliki, wosungunula ndi madzi, amene ojambula ambiri a m'tauni muno amagwiritsa ntchito. Akiliki ndi penti wabwino, amauma pa mphindi zochepa, amapirira chinyezi, ndipo munthu waluso angathe kukupangirani naye chithunzi chokongola pa masabata awiri. Kungoti atchule dzina lake lenileni, ndipo mtengo ukhale wake. Chimene akiliki amavutika kupereka ndi mdima wakuya uja woti diso limalowa m'kati mwake n'kumapezamo anthu pang'onopang'ono.

Mdima umenewo sapanga ndi penti wakuda. Amaumanga m'magawo. Poyamba nsalu yonse imapakidwa mtundu wa dothi, ndipo mitundu yambiri imene Rembrandt ankagwiritsa ntchito inalidi dothi: lachikasu, lofiira ngati katondo, loderako ngati makande. Amayi ozira nyumba kumudzi amaidziwa bwino mitundu imeneyi. Pa dothilo amajambulapo mithunzi, n'kudikira iume. Kenako amapaka magawo opyapyala oonekera mkati, limodzi pamwamba pa linzake, lililonse kulidikira. Powala pokha, pa thovu la funde ndi pa thanga, m'pamene penti amaunjikidwa mochindikala. Penti wa mafuta sauma ngati chovala pachingwe. Amachita kugwirana ndi mpweya pang'onopang'ono, moti gawo limodzi limatenga masiku atatu, sabata, nthawi zina kupitirira, makamaka loyera ndi lakuda. Lamulo lake n'lakuti gawo lapamwamba lizikhala ndi mafuta ochulukirapo kuposa lapansi. Ukalakwitsa, kapena ukapaka pamwamba pansi pasanaume, chithunzi chimadzang'ambika ngati matope a padambo mu Okutobala.

Powerengera zonsezi, kope labwino la 100 kwa 80 ine sindingalilonjeze pasanathe miyezi iwiri, ndipo itatu ndiye ndimagona tulo. Masabata awiri ndi penti wa mafuta weniweni, anthu 14, zingwe zonse zija, sizitheka popanda kudumpha china.

Nsalu nayo muifunse. Mafuta akakhudza ulusi mwachindunji amauwoletsa pakapita zaka, choncho kanvasi iyenera kuyamba yapakidwa chotchinga choyera chotchedwa gesso, kawiri kapena katatu. Mukatembenuza chithunzi n'kuona mawanga a mafuta atabowoleza kumbuyo, chotchingacho chinali chochepa. Kanvasi yake ikhale yochindikala, osati nsalu ya bedi.

Nanga kunja kapena kuno? Makope ambiri ogulitsidwa pa intaneti, ngakhale wogulitsayo alembe adiresi ya ku Ulaya kapena ku America, amajambulidwa ku China. Dera la Dafen mumzinda wa Shenzhen linatchuka ndi ntchito imeneyi. Kuli ojambula aluso zedi kumeneko, sindingawanyoze, koma kulinso mashopu amene chithunzi chimodzi amachigawana, wina thambo, wina madzi, wina anthu, kuti zituluke zambiri pa tsiku. Kutalikirana kwa mitengo kumene mwana wanu waonako kumachokera pamenepa. Vuto n'lakuti muli ku Area 25 simungadziwe kuti oda yanu yagwera m'manja mwa yani, ndipo chithunzi choonetsa pa tsamba lawo kawirikawiri chimakhala cha Rembrandt chenichenicho, osati ntchito yawo. Mukasankha njira imeneyi, muwauze akutumizireni zithunzi za kope limene anajambulapo kale, zoyandikira pankhope ndi pamanja, komanso za ntchito yanu ili pakati, isanathe. Wokana zimenezi musiyeni. Muwerengerenso zimene sizilembedwa pa mtengo: ndalama zakunja zimene masiku ano n'zovuta kupeza ku banki, mtengo wotumizira, msonkho wa MRA umene ndi bwino kufunsiratu, ndi felemu, chifukwa chimabwera chokulungidwa m'chubu. Chikafika chili cholakwika, kuchibweza n'kovuta kuposa kuchigula.

Ine maganizo anga ndi akuti ntchitoyi ipatsidwe kwa wojambula wa kuno amene mungathe kumuyendera ndi minibasi, koma ayambe wayesedwa. Luso m'dziko muno lilipo. Amene anafikapo ku Mua, ku Kungoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe amene Bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa mu 1976, anaona zimene manja a Amalawi amachita ndi nkhani za m'Baibulo. Koma kujambula mudzi ndi mlambe kwa alendo ndi luso lina, kujambula nkhope 14 za mantha mumdima ndi linanso. Mnyamata wanuyo musamutaye, ndipo musamupatsenso ntchito yonse lero. Mulipireni kandalama kochepa ajambule kachigawo kamodzi kokha pa kabolodi kofanana ndi pepala la A4: Ambuye Yesu ndi anthu atatu owazungulira. Mupatseni masabata ake awiri aja pa kameneka. Kakabwera, muone zinthu zitatu: ngati nkhope ya Ambuye ili yodekha popanda kuoneka ya tulo kapena yaukali, ngati manja ali ndi mafupa m'kati, ndiponso ngati mdima uli ndi zinthu m'kati mwake. Akapambana apa, nyanja ndi thambo sizimuvuta. Akalephera, mwataya pang'ono, iye waphunzirapo, ndipo palibe wachita manyazi.

Mumuthandizenso ndi choonera chabwino. Asakopere pa kalendala kapena pa chithunzi choyenda pa WhatsApp, chifukwa chikamatumizidwatumizidwa mdima wake umasanduka chiphala chimodzi, anthu atatu aja n'kusowa. Mwana wanu atsitse chachikulu kwambiri chimene angachipeze, monga cha pa tsamba la pa intaneti la Wikimedia Commons, mukachisindikize pa pepala lalikulu, ndipo zigawo za anthu muzisindikize pazokha mozikulitsa. Pa zamalamulo musade nkhawa. Mwini wake anamwalira zaka zoposa 350 zapitazo, aliyense ndi womasuka kuchikopera. Chosayenera n'kunamizira. Wojambula asalembe dzina la Rembrandt pa chiwongolero paja ngati kuti ndi iye; alembe kumbuyo dzina lake, chaka, ndi mawu akuti watengera chithunzi cha Rembrandt cha 1633.

Popeza ndalama ndi ya gulu, pangano likhale lolemba, ndipo musapite nokha. Mutenge anthu awiri a mumphakati. Mulembe kukula kwake, mtundu wa penti, tsiku lomaliza, ndiponso ngati felemu ili momwemo. Malipiro agawidwe patatu. Gawo loyamba ndi la zipangizo, ndipo machubu akagulidwa muwaone ndi maso. Lachiwiri mupereke mutakaona anthu onse 14 atakhala m'malo mwawo, mitundu isanalowe, chifukwa nthawi yokonza cholakwika ndi imeneyo. Ngalawa ikapendekeka molakwika pa siteji iyi, penti wokongola sadzaiwongola. Lomaliza ndi la tsiku lotenga. Ndikupempheninso kuti musamuphe pa mtengo. Munthu amene wakhala miyezi iwiri pa nsalu imodzi ali ndi lendi ndi ana, ndipo mukamufinya kwambiri adzabweza pa ntchito yomweyo, mwina osafuna.

Thabwa lokungirapo nsalu likhale louma bwino. Paini wosauma amapindika, chithunzi n'kuyamba kuvina pakhoma. Akalipentala a ku Mchesi angakupangireni, koma muwauze kuti m'mphepete mwa thabwa mbali yoyang'ana nsalu apale motsetsereka, kuti nsalu izikhudza kunja kokha. Apo ayi mzere wa thabwa umadzaonekera kutsogolo. Pa kukula kwa 100 kwa 80 pakhale mtanda wolimbitsa pakati. Felemu yakunja ya mlombwa kapena mbawa, yoderako, yopanda zokometsera zambiri, imachikhala bwino chithunzi chimenechi. Yagolide wonyezimira imalanda maso. Matabwa onse apakidwe mankhwala a chiswe ndi kuuma asanakumane ndi nsalu.

Pa vanishi, mankhwala oonekera mkati opaka pamwamba pomaliza kuti ateteze penti, ndikuuzeni cholakwa changa. Ndikuyamba kumene ntchitoyi, kasitomala wina ankafuna chithunzi chake chinyezimire pa tsiku la mwambo, ndipo ndinagonja n'kupaka vanishi patangopita masabata atatu. Pa tsikulo chinakongola. Pofika Febuluwale, mvula ili pakati, mbali yonse ya mdima inachita mbuu ngati galasi lopumirapo, ndipo pochindikala panachita makwinya. Vanishiyo anali atagwirana ndi penti wosauma, moti kumuchotsa kunali kuchotsa chithunzi chomwe. Ndinajambula china ndi ndalama zanga. Penti wa mafuta amafuna miyezi 6 kapena chaka asanalandire vanishi womaliza, ngakhale kunja akuoneka wouma. Choncho ngati muli ndi tsiku la mwambo, chipachikeni chopanda vanishi, palibe choipa chingachitike. Nthawi yabwino yoyamba ntchito ndi mvula ikangotha, mu Epulo kapena Meyi. Vanishi adzabwere chaka chotsatira nyengo ngati yomweyo, tsiku lopanda chinyezi ndiponso fumbi la Seputembala lisanayambe.

Musanakhome msomali, kambiranani ndi bambo mfumu za khoma lake. Kuwala kwa m'chithunzimo kumachokera kumanzere chakumwamba, ndiye chimaoneka bwino kwambiri ngati windo la mu holo lili kumanzere kwa munthu wochiyang'ana. Chikayang'anizana ndi windo kapena chitseko chachikulu, mdima uja umasanduka kalilole, anthu n'kumaona zithunzithunzi zawo m'malo mwa ngalawa. Dzuwa lisachiwombe mwachindunji. Pewani khoma limene mvula imamenya kunja kwake, khoma la pulasitala watsopano, ndi pansi pa malata odontha; yang'anani mizere ya madzi ya chaka chatha, imakuuzani yokha. Kumbuyo muike bolodi lopyapyala lotchinga fumbi, ndi timatabwa tiwiri m'makona apansi kuti chisagunde khoma, mpweya uzidutsa, chuku chisamere. Makandulo ndi mbaula zikhale kutali, chifukwa mwaye umakanirira pa penti. Galasi silofunika pa penti wa mafuta, koma mu holo mmene mumachitika maukwati ndi misonkhano ya ana lingathandize, bola likhale lotalikirana ndi pentiyo, lisamukhudze, ndipo liikidwe vanishi atatha.

Amayi osesa mu holo muwauze mwaulemu kuti chithunzichi sachipukuta ndi kansalu konyowa, sopo, polishi kapena mafuta ophikira, ndipo mankhwala a udzudzu asapoperedwe pafupi nacho. Burashi yofewa, youma, yosungidwira ntchito yomweyi, kuyendetsa pang'onopang'ono kuchokera pamwamba kamodzi pa miyezi ingapo, basi. Kamodzi pachaka muchitsitse, muone kumbuyo ngati mwalowa chiswe, mphemvu kapena mavu omanga zisa zadothi.

M'buku la mphakati mulembemo dzina la wojambula, mtundu wa penti amene anagwiritsa ntchito, tsiku limene anamaliza ndi mwezi umene ayenera kubwera kudzapaka vanishi, ndipo kandalama ka vanishiyo mukapatuliretu pano, kuti msungichuma wobwera pambuyo panu adzapeze zonse zili m'malo.